Chikho cha Mabwenzi ndi Funso la Basela

Kadoma ndi Chegutu ndi matauni oyandikana m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, pa msewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Pakati pawo pali mtunda wosafika makilomita 40. Kufikira 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Onse awiri anakula ndi golide ndi thonje: migodi monga Cam and Motor, Patchway, Dalny ndi Pickstone, komanso mafakitale a nsalu a David Whitehead, dzina limene aliyense wokulira ku Blantyre amalidziwa. Kumene kunali migodi ndi mafamu a azungu kunalinso makalabu awo, ndipo makalabu ambiri anali ndi bwalo la gofu. Ambiri mwa eni ake oyamba anapita, koma masewerawo anatsala. Lero amene amazungulira mabwalowa ndi aphunzitsi, amakaniko, eni magolosale ndi akuluakulu opuma pa ntchito za mumgodi, ena mwa iwo zidzukulu za machona a ku Nyasaland.

M'matauni awiriwa muli gulu la mabwenzi limene ndimalidziwa, la anthu osapitirira 20, limene limakumana kamodzi pachaka m'mwezi wa Ogasiti, pa tchuthi cha Heroes, udzu utauma ndiponso amene amagwira ntchito ku Harare kapena ku Joni atabwera kudzaona kwawo. Palibe amene amadyera gofu pagululi. Aliyense amasonkha kangachepe kolipirira bwalo ndi kugulira nyama yootcha, ndipo wopambana amatenga chikho chakale chachitsulo n'kukachiika pa kabati kufikira chaka chamawa. Mphoto yake ndi yomweyo basi. Komabe mikangano imene chikhochi chabala ingathe kudzaza bwalo la amfumu, ndipo yonse gwero lake ndi chinthu chimodzi chimene mlendo pa gofu amadabwa nacho: amene wasewera bwino kuposa onse nthawi zambiri amapita kwawo chimanjamanja.

Pa gofu amapambana ndi amene walowetsa mpira m'maenje 18 ndi mashoti ochepa. Bwalo lililonse lili ndi chiwerengero cha mashoti amene katswiri amayembekezeka kumenya, chotchedwa par, ndipo pa mabwalo ambiri chimakhala 72 kapena pafupi pamenepo. Koma wosewera wamba aliyense ali ndi nambala yakeyake, handicap, imene imachotsedwa pa mashoti ake pomaliza. Pano ndiziitcha basela, chifukwa imafanana ndi kaja amakuonjezerani mayi wogulitsa tomato pamsika. Wa basela la 6 akamenya mashoti 79, amamulembera 73. Wa basela la 24 akamenya 94, amamulembera 70, ndipo chikho n'chake, ngakhale wamenya mashoti 15 kuposa mnzake uja. Kuyambira 2020, mabungwe awiri amene amasunga malamulo a gofu, R&A ya ku St Andrews ndi USGA ya ku America, anakhazikitsa njira imodzi yowerengera basela padziko lonse. Amatenga masewero 20 omaliza a munthu n'kusankhapo 8 abwino koposa, ndipo avereji ya amenewo, poganiziranso kuvuta kwa bwalo limene anasewerapo, ndiyo imapereka nambala yake. Malire ake ndi 54.

Funso ndi lakuti: kodi zimenezi n'chilungamo? Kodi mabwenzi amachita bwino akamapatsa wofooka mwayi wogonjetsa wamphamvu?

Tiyambe ndi wodandaula, chifukwa mlandu wake si wopepuka. Pagulu lija pali bambo wina wa ku Chegutu amene amalawira mbandakucha katatu pa sabata kukayeserera kumenya mpira asanapite kuntchito. Basela lake ndi 5. Zaka zambiri iye ndiye wakhala akumenya mashoti ochepa kuposa onse, koma chikho anachigwira kamodzi kokha. Dandaulo lake amalinena poyera: "Achimwene, ine ndimakhetsa thukuta chaka chonse. Awa ndodo zawo zimagona ndi fumbi m'galaja, amazipukuta dzulo lake, ndiye atenge chikho? Mukundilanga chifukwa cholimbikira." Mawu amenewa amakhudza chinthu chimene tonse tinaphunzitsidwa tili ana, chakuti wolima kwambiri akolole kwambiri. Ndipo masamu ali kumbali yake pang'ono. Katswiri amasewera mofanana pafupifupi tsiku lililonse, pamene wosadziwa kwenikweni lero amamenya 105, mawa 91. Mukasonkhanitsa anthu otere khumi ndi asanu, mmodzi wa iwo sangalephere kukhala ndi tsiku lamwayi. Opanga malamulo nawonso amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amalangiza kuti pa mipikisano yambiri yoti aliyense adzisewerera yekha, munthu azipatsidwa 95 peresenti ya basela lake, osati lonse.

Koma tisanaweruze, tikumbuke kumunda. Banja likapita kokalima, mwana wa zaka khumi sapatsidwa ndime yofanana ndi ya bambo ake. Amamudulira yake yaing'ono, n'kumupatsa kakhasu kogwirizana ndi mkono wake. Akaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo amamuyamikira, pamene bambo amene alima mizere yochuluka kuwirikiza katatu koma asiya ndime yawo pakati amasekedwa kuti lero akula. Palibe amene amasokonezeka n'kuganiza kuti mwanayo ndi mlimi woposa bambo ake. Aliyense wayesedwa ndi ndime yake. Zala za dzanja limodzi sizilingana, ndipo makolo athu sanayembekezere kuti zilingane kaye kuti dzanja ligwire khasu. Anzeru a ku Greece nawonso anaiganizira nkhaniyi. Aristotle anasiyanitsa kugawa kofanana ndendende ndi kugawa kolingana ndi munthu amene akulandira, ndipo anaphunzitsa kuti kupatsa anthu osafanana zinthu zofanana kutha kukhala kupanda chilungamo.

Pali mitundu iwiri ya mpikisano, ndipo uliwonse umafunsa funso lake. Woyamba umafunsa kuti, kodi katswiri woposa onse ndani? Pamenepo basela lilibe malo. Nick Price, amene anakulira ku Zimbabwe komweku, atapambana mpikisano wa Open ku Turnberry mu 1994, palibe amene anamuchotsera shoti ngakhale limodzi, ndipo akanatero chikhocho chikanakhala chopanda tanthauzo. Chimodzimodzinso mayeso a unamwino kapena chiphaso cha wophulitsa miyala mumgodi. Amene akulowa pansi pa nthaka m'mawa safuna kumva kuti wotchera zophulitsira anakhoza mayeso chifukwa anamuonjezera malikisi pomumvera chisoni. Mtundu wachiwiri umafunsa kuti, kodi ndani lero wadziposa yekha? Bambo wa basela la 24 uja akamenya 94, wasewera bwino kuposa mmene amaseweramo masiku onse. Katswiri wa 6 akamenya 79, wasewera monga mwa masiku onse. Chikho cha mabwenzi chimayankha funso lachiwirili, ndipo mkangano wambiri umabwera pamene wina akuyembekezera kuti chiyankhe loyamba.

Wina angafunse kuti, nanga mabwenzi asankhiranji funso lachiwiri? Yankho lake n'lakuti popanda basela mpikisano wawowo sungakhale zaka zitatu. Wopambana angadziwike anthu asanatsike m'galimoto. Chaka choyamba angamuombere m'manja, chachiwiri ena angapeze chifukwa chosabwerera, chachitatu katswiri uja angatsale ndi chikho popanda womwera naye. Dokotala wina wa ku Britain, Frank Stableford, anaona vuto longa lomweli: wosewera wamba akawononga dzenje limodzi kapena awiri oyambirira ankataya mtima, tsiku lonse n'kuwonongeka. Anakonza njira yowerengera mapointi dzenje lililonse palokha, imene inayamba kugwiritsidwa ntchito pa mpikisano ku Wallasey mu 1932. Wofika pa par atachotsa basela amapeza mapointi 2, wochepetsa shoti limodzi amapeza 3, wopitirira ndi limodzi amapeza 1, ndipo wolephera kotheratu amatola mpira wake n'kupita ku dzenje lotsatira akadali mumpikisano. Wosewera molingana ndi nambala yake amamaliza ndi mapointi 36. Gulu la ku Kadoma ndi Chegutu limagwiritsa ntchito njira imeneyi. Cholinga chake n'chakuti pasapezeke munthu amene masewera amuthera nthawi isanakwane, ndipo pakati pa mabwenzi cholinga chimenechi n'chachikulu kuposa kudziwa katswiri, amene onse amamudziwa kale.

Choncho bambo wa ku Chegutu uja sakulangidwa. Khama lake lili ndi malipiro amene basela silingamulande: mpira wake umapita kumene akufuna, anzake amamufunsa nzeru, ndipo pa mndandanda wa tsikulo sapezeka kumunsi. Gululi linachitanso bwino kuvomereza mbali ya dandaulo lake imene inali yoona, ndipo tsopano womenya mashoti ochepa osachotsera basela amapatsidwa mwendo wa mbuzi. Chimene wataya ndi chitsimikizo chopambana, ndipo chimenecho ndi mtengo umene amalipira kuti akhale ndi anzake osewera nawo. Palinso nkhani ya zaka. Pagulu lomwelo pali madala ena amene m'masiku awo anali pa 4, lero mawondo ndi maso zawafikitsa pa 19, ndipo akusewerabe ndi achinyamata amsinkhu wa ana awo chifukwa cha dongosolo lomweli limene ankadandaula nalo ali anyamata. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wamphamvu amene akupereka mashoti lero akusungitsa. Machona a m'makomboni a migodi ankadziwa zimenezi pamene ankayambitsa masosaite a maliro: mnyamata wathanzi ankasonkha mwezi ndi mwezi, zaka n'kumapita osalandira kanthu, podziwa kuti tsiku lina adzanyamulidwa ndi omwewo.

Mpaka pano basela laoneka loyera. Koma lili ndi pofooka pake, ndipo pamenepa ndi pamene nkhaniyi imasanduka ya makhalidwe. Nambala ya munthu imachokera pa zimene mwini wake wanena. Pa mpira wamiyendo pali woimbira ndi omuthandiza, ndipo wosewera akanamizira kugwa timati ndi ukatswiri wa masewera. Pa gofu wamba palibe woimbira. Munthu amalowa yekha m'tchire kukafuna mpira wake, lamulo limamupatsa mphindi zitatu, ndipo akaupeza uli pansi pa chitsamba palibe diso limene likumuona ngati ausuntha ndi phazi. Masewerawa anamangidwa pa chikhulupiriro chakuti wosewera adziimba yekha mlandu. Mu 1925, pa mpikisano wa US Open ku Worcester, Bobby Jones anaona mpira wake utasuntha pang'ono mu udzu pamene ankakonzekera kuumenya. Palibe wina amene anatsimikiza kuti waona, koma iye anadzionjezera shoti la chilango. Pomaliza anafanana mashoti ndi Willie Macfarlane, ndipo pobwereza anagonja. Anthu atamutamanda, iye anakana ulemuwo, ponena kuti kuli ngati kuyamikira munthu chifukwa sanathyole banki. Mu 1968, pa mpikisano wa Masters, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anasayina khadi limene mnzake analembapo 4 pa dzenje la 17 pamene iye anamenya 3. Lamulo limati nambala yokulirapo ikasayinidwa imakhala yomweyo. Anataya mwayi wolimbirana chikho ndi Bob Goalby, ndipo sanaloze chala wina aliyense.

Tsono taganizirani munthu amene amapereka makhadi a masiku oipa okhaokha, a masiku abwino n'kumawaiwala m'thumba. Nambala yake imakwera, iye osafooka. Zoterezi zinachitikapo pagulu lija. Bambo wina wa basela la 26 anatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana ndi mapointi opitirira 43, chinthu chimene chimachitika mwa kamodzikamodzi kwa munthu woona mtima, popeza nambala imawerengedwa kuchokera pa masiku ake abwino kale. Kenaka zinamveka kuti kumene amagwira ntchito amasewera Loweruka lililonse, ndipo kumeneko amadziwika kuti ndi wa m'ma 80.

Ena angati, n'chikho chachitsulo chabe, bodza lake n'laling'ono. Ine ndikuona kuti bodza limeneli n'loipa mwapadera, chifukwa cha chinthu chimene limaba. Wosuntha mpira m'tchire waba shoti limodzi. Wonamizira kufooka waba chifundo cha anzake. Iwo anagwirizana kudzichepetsera mwayi wawo kuti wofooka asatsalire, ndipo iye walowera pakhomo lomwelo n'kuwadyera masuku pamutu. Zotsatira zake sizigwera iye yekha. Chaka chotsatira aliyense wa nambala yaikulu amayamba kuyang'anidwa ndi diso lokayika, ndipo wofooka weniweni akakhala ndi tsiku lake labwino amalandira chikho anthu akunong'onezana. Zimenezi timazidziwa bwino kunja kwa gofu. Pa mndandanda wa olandira chimanga m'chaka cha njala, kapena wa makuponi a feteleza, pakapezeka mayina a anthu amene nkhokwe zawo n'zodzaza, amene amavutika pambuyo pake ndi mayi wamasiye amene tsopano ayenera kutsimikizira umphawi wake pamaso pa anthu ouma mtima. Dongosolo lililonse lothandiza wofooka limaphedwa ndi amene amavala kufooka ngati malaya obwereka.

Nanga mabwenzi achite naye chiyani munthu wotere? Pagulu lija maganizo anagawikana patatu. Ena ankati achotsedwe. Ena ankati ingosiyani, tisadane chifukwa cha chitini. Ena ankati auzidwe. Kumuchotsa kukanatanthauza kuti chikho n'chofunika kuposa munthu, pamene mpikisanowo unayambika chifukwa cha anthu. Kukhala chete kumaoneka ngati mtendere, koma mtengo wake amalipira ndi ena onse amene akunena zoona, ndipo wolakwayo amasanduka munthu amene anzake amamuseka akatembenuka. Kumeneko n'kumutaya mwakachetechete. Amene anapita kukamuona anali madala aja a pa 19, okha, pasanafike tsiku la mpikisano. Akuti anangomuuza kuti: "Alamu, nambala yanuyi yakula kukuposani. Muidula nokha, kapena tikuthandizeni?" Bamboyo anakwiya ndipo chaka chimenecho sanabwere. Chaka chinacho anabwera, dzina lake lili ndi 17 pambali pake, ndipo palibe amene anaikumbutsanso nkhaniyo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Malamulo a basela amalola komiti ya kalabu kutsitsa nambala ya munthu ikaona kuti siikugwirizana ndi kasewero kake, koma komiti ikanangotsitsa nambala. Kuti munthuyo abwerere pagulu mutu uli m'mwamba, panafunika mnzake womulankhula pambali.

Lilipo bodza linanso, lotembenuza loyambali. Ndi la munthu amene amabisa makhadi oipa kuti nambala yake ikhale yaing'ono, aziti akamacheza ku bala azinena kuti ndine wa 9. Ameneyu saba chikho cha wina, amangodzimana yekha, kupatula pamene akusewera awiriawiri n'kugwetsa mnzake. Komabe nayenso wakana chinthu chimene ubwenzi umafuna, ndicho kulola kuthandizidwa. Amuna ambiri kupatsa amakutha, kulandira n'kumene kumawavuta. Kunena pamaso pa anzako kuti chaka chino ndakwera kuchoka pa 12 kufika pa 16 n'kuvomera kuti thupi layamba kubwerera, kapena kuti ntchito inatha ndipo ndalama yolipirira bwalo inasowa. Amene amanena zimenezi mosabisa wapatsa anzake mwayi womuchitira zabwino. Wonyada uja amawamana mwayi umenewo, ndipo mapeto ake amasiya kubwera chifukwa watopa ndi kugonja.

Tsopano tifike pa malire a nkhani yonseyi. Basela limalinganiza okhawo amene alowa kale pachipata. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson ankabwera ku Southern Rhodesia, ena wapansi, ena kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito amene ankatchedwa Chibaro ndipo kenaka Mthandizi, ena pa malole a Ulere. Ambiri anathera m'migodi ndi m'mafamu a kuno ku Gatooma ndi Hartley, kumene mpaka lero Gule Wamkulu amatuluka m'makomboni ndipo Chinyanja chimamveka pamaliro. M'masiku amenewo munthu wakuda ankaponda bwalo la gofu ngati wotchetcha udzu kapena wonyamula chikwama cha ndodo. Kalabu yomwe inkasamala kwambiri kuti mzungu wa 24 apikisane mwachilungamo ndi mzungu wa 6 sinkaona chachilendo kuti wonyamula chikwamayo saloledwa kumenya mpira kapena kukhala pampando m'nyumba ya kalabu. Chilungamo cha mkati mwa mpanda chinkayenda bwinobwino limodzi ndi nkhanza za pachipata.

Ena mwa onyamula zikwamawo anaphunzira poonerera mpaka kuposa mabwana awo. Ku Durban, Sewsunker Sewgolum, wodziwika kuti Papwa, anayamba ngati wonyamula ndodo. Anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndiponso Natal Open mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwo atagonjetsa Gary Player. Chithunzi chake akulandira chikho panja mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu, chinafalikira dziko lonse. Ku Zimbabwe, Lewis Chitengwa wa ku Harare anapambana mpikisano wa achinyamata wa Orange Bowl ku Florida mu 1992, momwe munalinso Tiger Woods, ndipo mu 1993 anakhala munthu wakuda woyamba kupambana South African Amateur. Anamwalira ku Canada mu 2001 ali ndi zaka 26 zokha. Anthu amenewa sankapempha kuchotseredwa mashoti. Ankafuna chipata chitseguke, zinazo anali nazo kale. N'chimodzimodzi ndi ana a machona obadwira ku Kadoma ndi ku Chegutu, amene lamulo la unzika la 2001 linawasiya ambiri a iwo ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira pamene malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira unzika wa obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. Amenewanso chimene ankafuna ndi kulembedwa pa mndandanda.

Lero pachipata palibe chikwangwani cha khungu, koma pali mtengo. Ndodo, mipira, nsapato ndi ndalama ya bwalo n'zosatheka kwa wogwira ganyu kapena wokumba golide m'maenje osiyidwa. Ndipo wonyamula chikwama akadalipo. Ndi mnyamata amene amadziwa kupendekeka kwa malo ozungulira dzenje lililonse, amene amauza bwana wake ndodo yoyenera, amene mwina akanabwerekedwa ndodozo akanagonjetsa gulu lonse popanda basela. Gulu la mabwenzi litha kunyadira kuti kwa ife wa 5 ndi wa 26 ndi amodzi, pamene mnyamata amene wayenda nawo maola anayi padzuwa akudikira pansi pa mtengo kuti amalize kudya ndiye amulipire.

Apa pali chotsutsa chomveka. Ubwenzi sulamulidwa. Anthu amene anakulira limodzi ali ndi ufulu wokhala ndi tsiku lawo, ndipo chikho chachitsulo sichingathetse umphawi wa dziko. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunena kuti gulu lililonse la mabwenzi lisanduke bungwe lachifundo. Koma amene aphunzira pa bwalo kuti wamphamvu amadzichepetsera mwayi kuti mnzake asatsalire sangathe kunamizira kuti phunzirolo limathera pa dzenje la 18. Pali zazing'ono zimene zili m'manja mwawo: kulipira wonyamula chikwama ndalama imene anagwirizana popanda kunenerera, kumulipira asanakhale pansi kudya, kumupatsa mbale pa tebulo lomwelo, ndi kupereka ndodo zakale zija zogona m'galaja kwa amene angazigwiritse ntchito. Zidzukulu za anthu amene anaimitsidwa pachipata zili ndi chifukwa chapadera chokumbukira zimenezi. Gulu limene silingathe ngakhale zimenezi lisamatchule mawu akuti chilungamo mokweza kwambiri, lizingoti tili ndi dongosolo lotithandiza kusangalala tokhatokha.

Kodi tsono kupatsa wofooka mwayi n'chilungamo? Pakati pa anthu amene cholinga chawo n'kudzakumananso chaka chamawa, inde, ndipo popanda kutero sakumananso. Koma chilungamo chimenechi sichikhala m'masamu a R&A ndi USGA. Masamuwo amangowerengera zimene apatsidwa. Chimadalira kuti wamphamvu apereke mashoti ake mosawinya, wofooka anene kufooka kwake monga kulili osaonjezera, ndipo wofooka amene wayamba kulimba abweze yekha zimene sakuzifunanso. Chomalizachi ndicho chovuta koposa, pa gofu ngakhale pa moyo, chifukwa palibe amene amakondwa kuchotsedwa pa mndandanda wa olandira. M'mawa wa mpikisano mlembi amayenda ndi pepala kufunsa aliyense kuti, "Achimwene, chaka chino muli pa zingati?" Nambala imene munthu amayankha ndi umboni umene akudzichitira yekha pamaso pa anthu amene sangathe kuufufuza, ndipo asankha kumukhulupirira. Ngati mayankho a funso limenelo ali oona, aliyense amene atenge chikho madzulo ake wachitenga moyenera, kaya wamenya 79 kaya 94.